Chala cha Apongozi Patsiku la Voti

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa anthu za chisankho, ndinagogoda pafupifupi chitseko chilichonse cha m'dera lathu ku Chigumula, kupatula chimodzi. Chitsekocho chinali m'nyumba mwanga momwe, moyang'anana ndi khitchini, ndipo m'chipindamo munkagona apongozi anga aamuna.

Ntchitoyo inali yongodzipereka. Kutchalitchi analengeza kuti bungwe lina losakondera chipani chilichonse likufuna anthu oti azifotokozera anzawo za kalembera ndi kavotedwe, ndipo amayi anzanga onse anatembenuka kuyang'ana ine. Amati pakamwa panga sipatopa. Sindinatsutse poti n'zoona. Anatiphunzitsira m'nyumba ina yakale ku Sunnyside, ndipo mkulu wa gulu lathu, mayi wina wamagalasi, anabwereza mawu amodzimodzi mpaka tinatopa nawo: musamuuze munthu woti amuvotere, ngakhale atakugwadirani. Anatiletsanso kuvala nsalu za mitundu ya zipani. Nditafika kunyumba n'kutsegula sutikesi, ndinapeza kuti zitenje zanga zonse zinali zitalowa kale ndale, chachikasu, chabuluu, chofiira, chobiriwira. Chinatsala chimodzi chakhofi chimene ndimapitira kumaliro. Miyezi yonseyo ndinkayenda ndi chimenecho, moti anthu ena akanditsegulira chitseko ankayamba ndi kufunsa kuti watisiya ndani.

Apongozi anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Nsanje madzi atakokolola nyumba yawo. Akazi awo anali atamwalira kale. Ine ndinakulira ku Chimwankhunda, kumene mpongozi amacheza ndi apongozi ake ngakhale kuseka nawo, koma iwo anabwera ndi mwambo wawo ndipo sanausiye pasiteji. Sankandiyang'ana kumaso, sankadya ine ndili pomwepo, sankandiyankhula. Chakudya ndinkachiika pakhomo la chipinda chawo nditagwada, n'kubwerera chammbuyo. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ngakhale ine nditaima pafupi.

"Uwauze amayi kuti madzi osamba atentha kwambiri." Amayiwo ndine.

Amuna anga ankatembenuka ndithu n'kunena kuti, "Akuti madzi atentha kwambiri."

"Ndamva. Makutu ndili nawo."

Poyamba zinkandipsetsa mtima, kenako ndinazolowera. Ana athu ali kusukulu yogonera komweko, choncho mawu onse apakati pa ine ndi apongozi ankadutsa mwa munthu mmodzi yekhayo.

Vuto linali lakuti munthuyo anali wachipani kufikira kuphazi. Amuna anga amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa katundu wambiri ku Limbe, ndipo nthawi ya kampeni ankabwera kunyumba mawu atasasa chifukwa cha nyimbo za pamsonkhano. Tinagwirizana kuti chithunzi cha mtsogoleri wawo chizikhala kuchipinda kwathu kokha, kuseri kwa chitseko, kuti anthu asandinene kuti ndimaphunzitsa zina masana n'kumalambira zina kunyumba. Nthawi ya kalembera ndi iwo amene anaperekeza bambo awo kukalembetsa. Anabwerako akumwetulira.

"Nyumba ino mavoti atatu," anatero.

"Awiri. Yanga musaiwerengere."

"Chabwino, awiri."

Apongozi anali pakhonde, akumva zonse.

Kutatsala milungu yochepa kuti tivote, amuna anga analowa m'khitchini nkhope ili gwa. Anati bambo akuti chaka chino savota.

Ndinaseka, poganiza kuti n'zocheza. Apongozi angawa ankadziwika ndi kuvota. Mlendo aliyense wochokera kwawo ankamufotokozera mmene anawolokera pabwato m'mawa kukavota ulendo woyamba zipani zitachuluka, mmene anaimira pamzere mpaka dzuwa kupendeka osadya kanthu. Nkhaniyo ndinaimva kambirimbiri ndili kukhitchini. Ankati sanajombepo ndi kamodzi komwe. Kachitupa kawo ka voti ankakasunga m'Baibulo. Ndiye lero asavote chifukwa chiyani?

"Mwawafunsa chifukwa?"

"Angoti savota."

"Nanga inu mwangovomera?"

"Ndi inu mwawasokoneza ndi zosakondera zanuzi. Munthu wamkulu akumva tsiku ndi tsiku kuti usauzidwe, usauzidwe, mapeto ake waona ngati kuvota ndi mlandu."

Tinakangana mpaka ndiwo zinapserera. Koma nditakhala ndekha mutu unandizungulira. Mwina ankaganiza kuti ndalowa chipani china mobisa. Mwina anakhumudwa kuti mpongozi wawo akuyendayenda m'makomo mwa eni ndi chitenje cha maliro. Ndinafika poganiza kuti mwina ndi nsomba zija ndinathira mchere wambiri Lamlungu. Munthu amene sakuyankhula umamuganizira zilizonse.

Ndinakadandaula kwa mayi wamagalasi uja titakumana m'tauni. Anandimvetsera, kenako anandifunsa ngati ndawafunsa eni ake.

"Sindingawafunse."

"Inu? Dzana lomweli munaimitsa oitanira minibasi pa Limbe n'kuwaphunzitsa kupinda pepala lovotera. Mukulephera nkhalamba ya m'nyumba mwanu?"

"Ndi apongozi."

"Apongozi si nzika?"

Iwo sankandimvetsa, ndipo kunena zoona ine ndemwe sindinkadzimvetsa. Ndinkalowa m'nyumba za anthu osawadziwa n'kuwauza kuti atulutse zitupa zawo ndione, koma kufunsa munthu amene ndimamuchapira malaya kunkandikanika.

Ndiye ndinapanga nzeru. Phunziro la Loweruka lotsatira, m'malo mochitira pamjigo monga mwa masiku onse, ndinaitanira anthu pabwalo panga, pansi pa mtengo wa mango, pafupi penipeni ndi khonde limene apongozi ankakhala atayang'ana kakamunda kathu ka chimanga. Ndinakweza mawu moti ngakhale a kutsidya kwa msewu anamva. Tinali ndi mapepala oyeserera okhala ndi zithunzi za zipatso m'malo mwa nkhope za anthu. Ndinafotokoza zochonga m'kabokosi kamodzi kokha, zodinda chala kwa amene safuna cholembera, zopinda pepala. Ndinanenanso, monga ndinkanenera paliponse, kuti amene saona kapena amene manja ake amanjenjemera ali ndi ufulu wobwera ndi munthu amene wamusankha yekha kuti amuthandize, ndipo wothandizayo saloledwa kuulula.

Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa kuti, "Nanga wothandizayo akachonga pake?"

"Ndiye musankhe munthu amene mumamukhulupirira," ndinayankha, n'kupitiriza zina.

Anthu atabalalika ndinapatsa amuna anga pepala limodzi la zipatso lija kuti akawaonetse bambo. Ndinkasuzumira pawindo la khitchini. Analandira, analitembenuza uku ndi uku, analigwira chadodolido kwa kanthawi, nthochi zitaloza kumwamba, n'kulibweza.

"Uwauze amayi kuti ndaona."

Munthu amene wawerenga Baibulo moyo wake wonse agwire pepala chadodolido? Ndinaona kuti akundinyoza, akuti ntchito yangayi ndi masanje. Tsiku limenelo mbale ndinaziika pakhomo pawo mwamphamvu kuposa mmene zimayenera, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindidzavutikanso nawo. Avote, asavote, zawo zimenezo. Koma sizinandichoke. Ndinkati ndikamaphunzitsa anthu ena, mawu akutuluka bwinobwino, mtima uli pakhonde paja.

Patsiku la voti bungwe lathu linandiika kukhala woyang'anira pasukulu yapulayimale ya kufupi ndi kwathu. Anatipatsa timajekete topanda manja, tolembedwa kumsana, ndipo lamulo lathu linali lomveka: wovala kajekete ntchito yake ndi maso basi. Sakhudza pepala lovotera, salowa m'kachipinda kovoteramo. Akatero avule, ndipo tsiku limenelo savalanso. Kajekete kameneko ndinkakanyadira, ndisaname. Ndinakasita kawiri. Chimene ndinkachifunitsitsa chinali kudzakhala m'kalasimo powerenga mavoti, kuona ndi maso anga zimene ndinakhala ndikuuza anthu miyezi yonseyo. Oyang'anira tinali awiri, ine ndi bambo wina amene anapuma ntchito yauphunzitsi. Ndinavota m'mawa mzere usanatalike, n'kukakhala pabenchi yathu ndi kope langa.

Dzuwa litakwera ndinaona amuna anga akulowa pageti, kumbuyo kwawo kuli apongozi atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinapukuta m'maso. Amuna anga anandikodola chapatali, mano onse pamtunda, ngati munthu amene wawina mpira. Pambuyo pake ndinamva kuti bambo anangodzuka m'mawa n'kuitanitsa jekete, osafotokoza kanthu. Okalamba ankawalowetsa kutsogolo, choncho sanachedwe. Dzina linapezeka m'kaundula, anawapatsa mapepala atatu, la mtsogoleri wa dziko, la phungu ndi la khansala. Mtsikana wapatebulo anawalozera kachipinda ka makatoni pakona.

Sanasunthe.

"Agogo, pitani uko," anatero mtsikanayo, akulozabe.

Apongozi anaima chilili, mapepala ali m'manja. Kenako ananena ndi mawu wamba, osakweza, osanong'ona, "Sindikuona."

M'kalasimo munangoti zii. Mkulu wa pamalopo, mayi wina wojintcha, anayandikira n'kuwayang'ana m'maso, ndipo ine ndili pabenchi ndinayang'ananso, koyamba chibwerereni iwo m'nyumba mwanga. Maso onse awiri anali ndi ng'ala, yoyera ngati madzi a mpunga. Zinthu zinayamba kundibwerera chimodzichimodzi. Tiyi amene ndinkamupeza atatayikira pathireyi. Baibulo limene linasiya kusuntha pampando. Alendo amene ankawapatsa moni pokhapokha iwo atayamba kuyankhula. Pepala lija la nthochi. Ine ndinkati mwano, pamene munthu akuchita khungu m'nyumba mwanga, mamita awiri kuchokera pamene ndimaphikira. Mwambo unkandiletsa kuwayang'ana kumaso, chabwino. Nanga mwana wawo ankayang'ana kuti?

Amuna anga anali ataima pakhomo la kalasi kukamwa kuli yasa. Atatsitsimuka anathamangira mkati n'kuwagwira mkono.

"Bambo, bwanji osanena? Tiyeni ndikuthandizeni."

Mkulu uja anawaimitsa ndi dzanja. "Dikirani, bambo. Agogo, mukufuna akuthandizeni ndani? Musankhe nokha."

"Mpongozi wanga. Ali muno. Ndamva mawu ake."

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndithu ndinatero, ngati kuti pali mpongozi wina amene wabisala kuseri kwa benchi. Kumbuyoko kunali khoma ndi tchati cha ziwalo za nsomba. Anthu onse anali akuyang'ana ine. Ine m'mutu munali chipwirikiti. Munthu amene sanandiyankhulepo, amene sanadyepo ine ndikuona, amene ndinamumenyetsera mbale pakhomo, akuitana ine pagulu, mwana wake wobereka yekha ataima pomwepo?

Mnzanga mphunzitsi uja anandinong'oneza, "Mayi, mukudziwa kuti mukavula simuvalanso lero?"

"Ndikudziwa."

"Tikhoza kupempha mkuluyo awathandize."

"Sanaitane mkuluyo."

Ndinavula kajekete, ndinakapinda, ndinamusiyira pamodzi ndi kope. Mtima unandipweteka, sindibisa. Ndinatsala ndi chitenje changa cha maliro.

Nditafika pamene anaima sindinadziwe pogwira. Padzanja? Paphewa? Ndinagwira kansonga ka mkono wa jekete ndi zala ziwiri n'kuyamba kuyenda, iwo akunditsatira pang'onopang'ono. Kachipindako ndi ka munthu mmodzi. Tinapanikizana mmenemo, phewa langa likukhudza lawo. Mawondo anga ankafuna kugwada okha, koma ukagwada sufikira pashelefu. Ankanunkhira sopo amene ndimagula ine.

"Ndikuwerengereni mayina, bambo?" Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Werengani, amayi."

Aka kanali koyamba kundiyankha popanda wodutsamo. Ndinawerenga monong'ona kuyambira pamwamba mpaka pansi, mayina onse ndi mawu ofanana monga anatiphunzitsira. Anaweramira kukhutu kwanga n'kutchula mmodzi. Nditatenga cholembera anandigwira dzanja.

"Ayi. Chala changa. Inu muchiike pamalo pake."

Ndinagwira chala chawo chachikulu. Chinali chouma, chikhadabo chokhuthala, koma anachilekerera m'dzanja langa ngati chilibe mwini. Ndinachiviika pa inki n'kuchidinda pamene ananena. Pepala lachiwiri chimodzimodzi. Amene anawatchula sindinauzepo munthu ndipo pano sindiyamba.

Pa lachitatu, la khansala, ndi pamene panandikolera. Nditamaliza kuwerenga anatchula dzina, ndipo ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Mwati ndani, bambo?"

Anabwereza, momveka.

Anthu amene ndinkadana nawo papepala limenelo analipo angapo, choncho musavutike kulota. Koma ameneyu ndinkadana naye kuposa onse. Pamaliro a mwana wa neba wanga anapatsidwa mpata wopepesa, iye n'kuusandutsa msonkhano, kulonjeza misewu bokosi la mwana lili patsogolo pake, mayi wake akukomoka. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu anga. Ndipo apongozi angawa, munthu wopemphera, amene nayenso analipo pamaliropo, akufuna ameneyu? Anawalonjeza chiyani? Amamudziwira kuti? Kapena asokoneza mayina? Pakamwa panga panatseguka pokha. Mawu anali atafika kale pammero: bambo, mukumudziwa bwino munthu ameneyu?

Pamwamba pa dzina lakelo, kabokosi koyandikana nalo, panali amene ndinamuvotera ine m'mawa. Mtunda wake sunali wokwana ngakhale chala chimodzi. Kunja kwa makatoni palibe amene akanaona. Mwini chala sakanaona. Ndimafuna nditanena kuti maganizo amenewo sanandifikire, koma anandifikira, ndipo anakhalitsa. Chala chili m'mwamba, inki ikuuma, ine ndikudziuza kuti ndikhala ndikuthandiza dera lonse, kuti nkhalamba yangosokonezeka, kuti voti imodzi sisintha kanthu. Ine amene ndinayenda Chigumula yense kuuza anthu kuti voti imodzi ndi yamtengo wapatali. Ndinakumbuka mayi wa tomato uja ndi funso lake, ndi yankho limene ndinamuponyera mosaganiza, apongozi ali pakhonde. Iwo sanandifulumizitse. Ankangopuma, chala chili lende m'dzanja langa.

Ndinachiviikanso pa inki n'kuchidinda pa dzina la munthu wa pamaliro uja. Ndinadinda mwaukali, moti kashelefu ka katoni kanapindika.

Tinapinda mapepala, ndinawatsogolera kumabokosi, aliyense anamva kugwa kwa pepala lililonse poti m'kalasimo munali mudakali chete. Atamaliza zonse anati, "Takhuta, amayi," ndiko kuthokoza kwa kwawo. Kenako anatambasula mkono kufuna mwana wawo, ndipo amuna anga anawatenga n'kutuluka nawo osandiyang'ana.

Popanda kajekete ndinalibenso chochita pamalopo. Ndinaima panja pa mpanda kwa kanthawi ngati munthu wosochera, kenako ndinapita kunyumba kukaphika. Mavoti anawerengedwa ine kulibe. Zala zanga ziwiri zinali ndi inki ya chala chawo, ndipo sinachoke msanga.

Madzulo ake, kusanade, amuna anga anandipeza ndikutsuka mbale kuseri.

"Avotera ndani?"

"Simungandifunse zimenezo."

"Ndi bambo anga."

"Kawafunseni."

"Ine ndinawatenga kumudzi madzi ali m'khosi. Ine ndinawalembetsa. Ndiye pagulu asankhe inu?" Ndinaona kuti za chipani zinali zitachoka kale, chatsala ndi cha mwana amene bambo ake amudumpha. Ndinawamvera chisoni. Ndinafuna kuwauza kuti ine ndemwe sindikumvetsa, kuti munthu amene akumuchitira nsanjeyo anatsala pang'ono kuwabera voti bambo awo. Koma sindikanafotokoza zimenezo popanda kuulula zina, choncho ndinangopitiriza kutsuka mbale. Kwa bambo awo sanapite kukafunsa.

Ndinkaganiza kuti pambuyo pa zimenezi zinthu zisintha m'nyumbamo, mwina tiyamba kupatsana moni ngati anthu. Ayi ndithu. M'mawa mwake ndinagwada pakhomo ndi tiyi, ndipo ndinamva, "Uwauze amayi kuti shuga wachepa." Tinayamba kuyenda nawo kuchipatala cha maso m'tauni, ine kutsogolo, amuna anga pakati, iwo kumbuyo, mawu akudutsa mmene ankadutsira kale. Chifukwa chimene anasankhira munthu uja sindinachidziwe mpaka lero. Chifukwa chimene anabisira maso awo ndimangochiganizira.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere chinali china. Ndinkadikira funso. Munthu wosaona amene wapereka chala chake kwa wina, ndipo wamva chalacho chikuima m'mwamba nthawi yonse ija, sangalephere kufunsa. Yankho ndinali nalo lokonzeka. Sabata inatha, ina inatha, funso osabwera. Ndinayamba kuganiza kuti mwina akukhulupirira kuti ndinawabera ndipo angondikhululukira chamumtima, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kundifunsa.

Tsiku lina masana, amuna anga ali kuntchito ku Limbe, m'nyumba muli awiri tokha, ndinapita ndi chakudya pakhomo pawo. Ndinagwada, ndinaika mbale, koma sindinabwerere. Anali pampando wawo, wailesi ili pamiyendo.

"Bambo," ndinatero, "tsiku lija chala chanu ndinachiika pamene munanena. Mapepala onse atatu."

Anachepetsa wailesi. Kenako anatembenuzira nkhope kumpando umene mwana wawo amakhalapo, mpando wopanda munthu.

"Uwauze amayi kuti sindinafunse."

Anakwezanso wailesi, n'kuyamba kufufuza ndi dzanja pamene panali beseni la madzi osamba m'manja. Ndinalikankhira pafupi.